MTENGO WA NYUMBA KWA MAGANGA SUTHERA PA KUGWIRANA CHANZA

Nkhani ya malo ndi nyumba m'dziko la Mfumu Yaikulu Maganga, m'boma la Salima, yakhala pakamwa pa anthu kwa zaka zambiri tsopano, ndipo sikuoneka kuti izizira msanga. Gombe la Senga Bay lili pa mtunda wa makilomita ngati 20 kuchokera pa boma la Salima, ndipo munthu wonyamuka ku Lilongwe m'mawa pa galimoto amafikapo dzuwa lisanafike paliwombo. Chifukwa cha ichi anthu a ndalama a mu likulu akhala akutsikira kunyanja kudzafuna malo omangapo nyumba zopumuliramo ndi zogonamo alendo, kotero kuti pamene kale panali mathandala oyanikapo usipa, lero pali mipanda ya njerwa ndi zipata zachitsulo.

Pamodzi ndi malonda amenewa pabuka dandaulo limene likumveka mbali zonse ziwiri. Wogula akuti ndalama imene anapangana ndi mwini nyumba si imene inatuluka m'thumba mwake, pakuti anapitiriza kulipira miyezi yambiri atalandira kale makiyi. Wogulitsa nayenso akuti imene anamva ndi makutu si imene anafika nayo kunyumba. Ndipo onse awiri, pofuna woloza chala, amaloza Boma ndi misonkho yake. Mlandu umenewu uyenera kuunikidwa modekha, pakuti ukaweruzidwa molakwa anthu adzapitiriza kuthawa chinthu chimene chikanawatchinjiriza.

CHIFUKWA CHAKE MAWU AKUTI MSONKHO AMAOPSA

Palibe chodabwitsa kuti Mmalawi akamva mawu akuti msonkho ndi nyumba atayandikana, mtima umagunda. Dziko lino litagwa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, Bwanamkubwa Harry Johnston sanachedwe kuyika msonkho, ndipo pofika 1894 msonkho wa nyumba ya munthu wakuda unali mashilingi atatu pa chaka. Amene analephera kulipira anaona nyumba zawo zikutenthedwa, ena anakagwira thangata m'minda ya Azungu kuti apeze ya msonkhoyo. M'zaka zomwezo Johnston anapereka kwa atsamunda ndi amishoni zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu amene amati anagula kwa mafumu ndi awo ndithu. Chomwecho makolo anaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti msonkho ndi chikwapu, ndi kuti pepala la malo ndi chida chimene mlendo amalandira nacho nthaka. Phunziro lotere silituluka m'mudzi msanga.

Komatu msonkho umene ukukambidwa lero ndi wa mtundu wina. Sulipidwa chifukwa chakuti munthu ali ndi denga pamutu pake. Umalipidwa kamodzi, pa tsiku limene nyumba kapena malo akuchoka m'dzina la wina kulowa m'dzina la wina, ndipo umakula kapena kuchepa molingana ndi mtengo wa chinthucho. Woulipira amalandira chinthu m'malo mwake, ndicho dzina lake m'kaundula wa Boma.

NYUMBA YA PA MALO A LIZI

Kwa Maganga kuli malo a mitundu iwiri amene amagulitsidwa. Ena ndi a lizi, amene Boma linabwereketsa kwa munthu ndi chikalata, kawirikawiri kwa zaka 99 ngati ndi omangapo nyumba. Ena, amene ndi ochuluka, ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Ndalama zowonjezera pa mitundu iwiriyi sizifanana, ndipo ndi bwino kuyamba ndi a lizi, popeza ndi kumene dandaulo la msonkho limachokera.

Wogula wanzeru asanapereke ngakhale tambala amatuma loya kukafufuza m'kaundula wa malo ngati wogulitsayo ndiye mwini wake weniweni, ndiponso ngati nyumbayo siili pa chikole ku banki. Kufufuzako kuli ndi mtengo wake, wochepa ndithu poyerekeza ndi tsoka limene kumaletsa. Pambuyo pake pamafunika chilolezo cha Nduna ya za Malo, pakuti malo otere sasintha dzina popanda Boma kuvomereza. Apa ndi pamene wogulitsa amakumana ndi ngongole imene anaiiwala. Mwini lizi aliyense ayenera kulipira lendi ya malo kwa Boma chaka ndi chaka, koma ambiri amalipira chaka choyamba ndi chachiwiri, kenaka nkugona. Pa tsiku logulitsa zaka zonse zija zimadzuka pamodzi, ndipo munthu amatcha msonkho watsopano chinthu chimene chili ngongole yake yakale.

Wogulitsa ayeneranso kupita ku Malawi Revenue Authority, bungwe lotolera misonkho limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, kukatenga kalata yotsimikiza kuti alibe mlandu wa msonkho, pakuti popanda kalatayo malo ndi nyumba sizisamutsidwa. Kumeneko amaonanso ngati wogulitsa wapindula, ndipo phindulo limawerengedwa ngati ndalama ina iliyonse imene munthu wapata m'chakacho. Pano pali mfundo imene anthu a ku gombe ayenera kuimvetsa bwino. Lamulo silidula msonkho wa phindu pa nyumba imene munthu amakhalamo monga kwawo kwenikweni. Tsono banja limene lakhala ku Senga Bay masiku onse, likagulitsa nyumba yake yokhalamo, msonkho umenewu sulikhudza. Koma bwana amene kwawo ndi ku Area 47 ku Lilongwe, amene amadza kunyanja Loweruka ndi kubwerera Lamulungu, nyumba yake ya kunyanjayo si kwawo, ndipo akaigulitsa mopindula ayenera kugawako. Lamulo limalolanso kuti mtengo umene anagulira uyambe wakwezedwa molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, kuti munthu asalipire msonkho pa phindu labodza lobadwa ndi kugwa kwa Kwacha. M'dziko limene ndalama inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, chifundo chimenechi si chaching'ono. Koma chimathandiza yekhayo amene anasunga mapepala osonyeza mtengo umene anagulira ndi ndalama zimene anamangira.

Wogula naye katundu wake ndi msonkho wa sitampa, umene umalipidwa pa chikalata chosamutsira nyumbayo. Kale unali K3 pa K100 iliyonse, koma pofika chaka cha 2013 Boma linali litautsitsa ndi theka kufika pa K1.50 pa K100 iliyonse. Pa mlingo umenewo nyumba ya K40 miliyoni msonkho wake ndi K600,000. Pamwamba pake pali malipiro a loya wolemba zikalata, amene amasenzanso msonkho wa VAT, malipiro a katswiri woyesa mtengo wa nyumba, ndi kandalama kolembetsera m'kaundula. Ngati panali wofunira malonda, iyenso amadikira gawo lake, ndipo ku gombe kumene madobadoba amachuluka, si zachilendo kuti mmodzi adyere kwa wogula ndi kwa wogulitsa yemwe, aliyense osadziwa za mnzake.

Munthu akaika ndalama zonsezi pa mphasa ndi kuziwerenga moona, adzapeza kuti gawo limene lalowa m'thumba la Boma monga msonkho wa kugula ndi laling'ono. Zambiri zapita kwa anthu amene agwira ntchito, kapena amene ayerekeza kuti agwira ntchito, ndi pa maulendo. Walira mvula walira matope: wofuna nyumba ya mtengo wa mamiliyoni makumi anayi sangadabwe kuti ili ndi zotsatira zake.

Pali chizolowezi china chimene chiyenera kutchulidwa poyera. Wogula ndi wogulitsa amapangana kulemba pa chikalata mtengo wochepa kusiyana ndi umene alipirana, kuti sitampa ipepuke. Kumeneku ndi kulakwira lamulo, komanso ndi kudzitchera msampha. Wogula amene walemba K20 miliyoni pa nyumba imene walipira K40 miliyoni wapulumutsa K300,000 lero, koma pa tsiku limene adzagulitse, mabuku adzanena kuti anagula ndi K20 miliyoni, ndipo phindu lake lidzaoneka lalikulu koposa. Malondawo akasokonekera, bwalo la milandu lidzawerenga zimene zinalembedwa. Ndipo chikalata chimene sichinalipiridwe sitampa konse bwalo silichilandira ngati umboni kufikira msonkhowo utalipidwa pamodzi ndi chindapusa.

MALONDA A PANSI PA MTENGO

Koma malonda ambiri a kwa Maganga sadutsa m'njira imeneyi. Amachitikira pa khonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa nyakwawa ndi mboni zingapo. Mawu amalembedwa pa pepala long'ambidwa m'kope, a mfumu amadinda chidindo chawo ndi kulandira kachithokozo, ndipo dzuwa lisanalowe zonse zatha. Palibe loya, palibe sitampa, palibe ulendo wa ku Lilongwe. Pa tsiku limenelo malonda otere amaoneka otsika mtengo koposa onse. Mtengo wake umadza pambuyo, ndipo sukhala ndi lisiti.

Lamulo la malo la chaka cha 1965, limene linagwira ntchito zaka zoposa 50, linanena kuti malo a makolo ndi chuma cha anthu onse a m'Malawi, chosungidwa m'dzina la Pulezidenti, ndipo mafumu anapatsidwa mphamvu yololeza anthu kukhalapo ndi kulimapo. Mphamvu yogulitsa sanapatsidwe. Mwambo nawonso umanena chimodzimodzi. Pakati pa Ayao ndi Achewa a m'mbali mwa nyanjayi malo amayenda ndi mbumba, ndipo amene akukhalapo lero ndi wosunga chabe. Tsono mwamuna akagulitsa malo a kuchikazi, kapena malume akagulitsa a alongo ake osawafunsa, wogula amakhala wagula mlandu. Mphwake wa wogulitsa amabwerako ku Johannesburg patapita zaka zitatu, napeza mpanda pa malo amene amayi ake anamlonjeza, ndipo wogula uja amayamba kulipira kachiwiri: ena kuti akhale chete, ena kuti achitire umboni, ndi loya amene anamthawa poyamba paja. Nthawi zina amapeza kuti puloti yomweyo inagulitsidwa kwa anthu awiri, ndipo onse ali ndi pepala la m'kope lokhala ndi chidindo chofanana.

Ngakhale pakhale popanda mkangano, wogula amene afuna kumanga nyumba ya ndalama zambiri sakhala ndi mtendere kufikira atapeza chikalata cha Boma. Ayenera kupita kwa mfumu ndi kwa Bwana D.C., kuitana woyeza malo kudzaika mabikoni ndi kujambula mapu, kulipira galimoto yake ndi malipiro ake, kupereka mapulani a nyumba ku khonsolo, ndi kutsata mapepalawo ku ofesi za malo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita ngati 100, kupita ndi kubwera, mwina kangapo.

Funso lofunika ndi ili: ndani amene amalipira zonsezi pomaliza? Wogula wa mu mzinda amazidziwa asanafike. Amadziwa kuti malowo alibe chikalata, kuti kuli maulendo mtsogolo, ndi kuti mkangano ungabuke. Tsono amachotseratu zonsezi pa mtengo umene akutchula. Msodzi wogulitsayo amakondwera kuti sanadulidwe msonkho, osadziwa kuti wadulidwa ndalama yoposa msonkho uliwonse wa m'mabuku a Boma. Patapita nthawi malo omwewo, atakhala ndi mabikoni ndi lizi, amagulitsidwanso pa mtengo umene mwini wake woyamba akaumva amagwira pakamwa. Nthaka ndi yomweyo, nyanja ndi yomweyo. Chimene chawonjezeka ndi pepala, ndipo phindu la pepalalo ladyedwa ndi amene analimba mtima kulilipira.

NGONGOLE YA KU BANKI

Kusiyana kumeneku kumaonekeranso pa khomo la banki. Kukongoza ndalama zogulira nyumba si kwatsopano m'Malawi. New Building Society inakhazikitsidwa m'chaka cha ufulu, 1964, ndipo inakhala nkhokwe ya ngongole za nyumba kufikira inasanduka NBS Bank m'chaka cha 2004. Lero mabanki ena amachitanso ntchitoyi. Koma onse amafuna chinthu chimodzi, ndicho chikalata cholembedwa m'kaundula chimene angachigwire chikole. Nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, yokongola chotani, ikakhala pa pepala la m'kope, banki siiona. Mwini wake akafuna mpamba wa injini ya boti kapena khoka latsopano amathera kwa akatapila.

Amene ali ndi chikalata naye asaganize kuti wafika. Banki imatuma katswiri wake kudzayesa mtengo wa nyumba, ndipo wolipira ndi wokongola. Imadula ndalama yokonzera ngongole. Chikalata cha chikole chimalembedwa ndi loya, chimalipiridwa sitampa yake, ndi kulembetsedwa m'kaundula. Nyumbayo iyenera kukhala pa inshuwalansi, ndipo kawirikawiri moyo wa wokongolayo nawonso. Munthu akafuna kusamutsa ngongole yake kuchoka ku banki ina kupita ku ina, pokhulupirira kuti kumeneko chiwongoladzanja nchopepukirapo, ulendo wonsewu amauyambanso: chikole chakale chimasulidwe ndi chikalata chake, chatsopano chilembedwe, nyumba iyesedwenso. Ayenera kukhala pansi ndi pensulo ndi kuona ngati chimene apulumutse chiposa chimene alipire pa tsiku losamuka, ndi kufunsanso ngati pangano lake lakale lilibe chilango kwa wobweza nthawi isanakwane.

Komabe zonsezi ndi ana chabe poyerekeza ndi chiwongoladzanja. M'chaka cha 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake kufika pa 26 pa 100, pofuna kuletsa kukwera kwa mitengo ya zinthu. Munthu wogula nyumba ija ya K40 miliyoni, atapereka K10 miliyoni ya m'thumba ndi kukongola K30 miliyoni pa mlingo womwewo, chiwongoladzanja chokha cha mwezi woyamba chikanakhala K650,000. Ndiko kuti mwezi umodzi wa banki ukanaposa msonkho wonse wa sitampa, umene umalipidwa kamodzi kokha. Wodandaula za sitampa, osatchula za banki, akuthamangitsa mbewa nyumba ikupsa. Ichi ndi chifukwa chake anthu ambiri a malipiro a pamwezi amamanga pang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa zipupa, osakongola konse.

Nyanja nayo yaika msonkho wake. M'chaka cha 2024 madzi anakwera koposa m'mene anthu ambiri anali ataonera, nalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'magombe a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Amene analipira mtengo wapamwamba kuti khonde lawo liyang'anane ndi mafunde anapeza mafundewo ali pabalaza. Kuyambira pamenepo wogula wanzeru, woyesa mtengo ndi wa inshuwalansi onse ali ndi funso latsopano, lakuti madzi a 2024 analekezera pati. Yankho lake akuluakulu a m'mudzi amalidziwa bwino koposa mapu, ndipo safunsa anadya phula.

CHIMENE BOMA LACHITA NDI CHIMENE CHATSALA

Boma linaona kalekale kuti muzu wa vutoli ndi malo opanda kaundula. Kuyesa koyamba kunachitika ndi malamulo a 1967, pamene malo a mabanja anayamba kulembedwa kumadzulo kwa Lilongwe, koma ntchitoyo siinafalikire dziko lonse. Ndondomeko ya malo ya 2002 inatsegulanso nkhaniyi, ndipo m'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, amene ena mwa iwo anakonzedwanso mu 2022, makamaka pokhwimitsa njira imene mlendo wa kunja angapezere malo. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo ndi kulandira chikalata, osadikira kuti wogula wa mu mzinda ndiye akalembetse. Ntchitoyi imayambira pa komiti ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi a gulupu eni ake, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Mikangano imayamba yaweruzidwa pa bwalo la malo la Mfumu Yaikulu isanapite patsogolo. Njirayi inayesedwa poyamba m'maboma a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi.

Mafumu ena anaopa kuti lamuloli likuwalanda mphamvu. Mantha amenewo ndi omveka, koma ku gombe ngati la Maganga mphamvu ya mfumu imatha msanga ndi malonda a m'kope, pakuti malo akalowa mu lizi ya mlendo mfumu sidzawagawanso. Mpando wa amayi m'komitimo ndi wofunika koposa m'dziko la mbumba, chifukwa iwo ndiwo amadziwa malire ndi eni ake, ndipo ndiwo amene kawirikawiri amamva za malonda ndalama zitadyedwa kale.

Chimene chatsala ndi kufupikitsa mtunda. Gawo lalikulu la ndalama zimene anthu amazitcha msonkho ndi za minibasi, za chakudya cha m'njira, ndi za munthu woima pakhomo pa ofesi amene amati akudziwa njira yachidule. Malipiro onse a Boma atalembedwa pa bolodi pa ofesi ya Bwana D.C. ku Salima ndi pa bwalo la Mfumu Maganga, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pamodzi ndi mawu akuti ndalama iliyonse ya Boma ili ndi lisiti yake, madobadoba ambiri akanasowa chodya. Ndipo woyeza malo akadza kudzayeza mudzi wonse pa ulendo umodzi, monga m'mene lamulo la 2016 likulolera, mtengo umene banja limodzi silikanautha umagawika pa mabanja onse. Pa kuyeza kotero ndi pamenenso mudzi ungalembetse njira zotsikira kunyanja, madoko a mabwato ndi malo a mathandala kuti ndi a anthu onse, zisanatsekedwe ndi mpanda wina. Gombe la Senga Bay, kumene ogula akugogoda tsiku ndi tsiku, liyenera kukhala pakati pa malo oyamba kufikiridwa ndi ntchito imeneyi m'boma la Salima.